Ngalande ya Bwana Nyamalikiti

Padangotero, ndipo inu muli ndi makutu vomerani kuti tili limodzi.

Kudali esiteti ya nzimbe, masiku aja nyama zinkalembana ntchito zokhazokha, munthu asadabwere ndi belu lake. Idali esiteti ngati zina zonse zimene oyendayenda amazidziwa: kudzuka ndi khasu, kugona ndi msana wowawa. Mkulu wa zonse adali Bwana Nyamalikiti. Mpandowo adaupeza chifukwa cha khosi, poti nyama zidati woona patali ndiye aziganizira anzake. Patali ankaonadi. Koma chimene chili pa ziboda zawo sankachidziwa.

Tsono popeza khutu la bwana lidali kumwamba, padaikidwa lamulo lotchedwa makwerero. Wantchito akakhala ndi mawu ankauza kapitao, a Nguluwe. A Nguluwe ankauza kalaliki, a Nkhanga, a suti ya madontho aja. A Nkhanga ankauza wachiwiri kwa bwana, a Nyani, ndipo a Nyani okha ndiwo ankakwera mumtengo wa mbawa kukanong'ona m'khutu la bwana. Chigamulo chikamatsika chinkadzeranso momwemo. Wodumpha khwerero ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, iye ndi banja lake.

Pansi penipeni pa makwererowo padali okumba, ndipo woyambitsa nyimbo pakati pawo adali Likongwe. Ameneyu adali atagwirapo maesiteti asanu ndi awiri, ndipo konseko adachokako ali liwiro chifukwa cha pakamwa. Koma pano adati akhazikike, pakuti mkazi wake adali atangochira kumene. Ana anayi, maso osatsekula, adali gone mu una m'chigwa momwe okumba onse adamangamo nyumba zawo pansi pa nthaka.

M'mawa wina a Nguluwe adaima pachulu n'kukuwa.

"Chigamulo chatsika! Ngalande takhala tikukumbayi idzera m'chigwa. Masiku anayi, madzi alowa."

Makasu onse adaima. Likongwe adati, "Pepani a Kapitao, chigwa chake chiti?"

"Zigwa zilipo zingati pano? Icho."

"Mmenemo ndimo timakhala ife."

"Bwana ayang'ana okha kuchokera kumwamba. Akuti ndi bwalo lopanda kanthu."

"Nyumba zathu zili pansi, a Kapitao."

"Nanga adakuuzani ndine kuti muzimanga pansi?"

"Ana anga ali ndi masiku atatu. Kuwatulutsa padzuwa pano ndiye kuwapereka kwa akabawi, taonani momwe akuzunguliramu. Tipatseniko masiku khumi, atsekule maso, tisamuka tokha. Kapena ngalandeyo ikhote."

"Iwe ndi pakamwa pako," adatero a Nguluwe. "Chabwino, ndikanena."

Likongwe sadakhulupirire. Adasiya khasu, nalowa m'maudzu, nawatsata mawu ake pambuyo monga mayi atsata mwana wopita koyamba kudambo.

A Nguluwe ankadziwa kuti kapitao wobwera ndi madandaulo amatchedwa kapitao wolephera. Ndiye atafika kwa kalaliki adati, "A Kalaliki, okumba ali ndi kankhawa pang'ono pa nkhani ya chinyezi. Koma ine ndawakhazika mtima pansi."

A Nkhanga sankakonda mawu odetsa buku lawo. Adakonza suti, napita kwa a Nyani. "Achikulire, okumba akufunsa za madzi."

A Nyani adakwera mbawa, nayamba ndi kachiseko. "Bwana, anthu anu pansipo akufunsa kuti madzi afika liti. Akulephera kudikira."

"Oho!" adatero Bwana Nyamalikiti, akutafuna nsonga za masamba. "Ana abwino. Asavutike n'kudikira. Chotsanipo tsiku limodzi."

Likongwe ali m'maudzu muja adamva zonse. Mawu adachoka pakamwa pake akulira, adakafika kumwamba akuvina. Ndipo chigamulo potsika chidanenepa pa khwerero lililonse, mpaka pofika kwa okumba chidali chakuti masiku ndi atatu, kupuma masana kwaletsedwa, woyang'ana kumwamba amenyedwa.

Masanawo Likongwe adayambitsa nyimbo. Idali nyimbo ya khasu, yoyenda pang'onopang'ono, yofunsa funso limodzi lokha: ngati alipo wa khosi lalitali amene adaonapo kunsi kwa nthaka. Okumba sankayankha ndi mawu. Ankayankha ndi makasu, kugunda pansi kawiri onse pamodzi, kenako kusisima kutsekera pakamwa. Bwana atamva kuchokera kumwamba adafunsa kuti nyimboyo ikuti chiyani, ndipo a Nyani adati ikutamanda khosi.

Pa esitetiyo padali mwambo wakuti ntchito yaikulu isadathe pazikhala msonkhano womva maganizo, ndipo wantchito mmodzi ankaloledwa kukhalapo. Nthawi zonse ankatumako wogontha kapena wokonda kusinza. Ulendo uno okumba adatuma Likongwe.

Adafika m'mawa patsinde pa mbawa, napeza a Nkhanga akuulutsa buku lawo pamphepo. Likongwe adasuzumira.

"A Kalaliki, izi mwalembazi n'chiyani?"

"Zimene msonkhano wagwirizana."

"Msonkhano uti?"

"Uno."

"Uno sunayambe."

"Ndiye tidikire kuti uyambe ndi pomwe tizilemba? Inki imafuna nthawi kuti iume, iwe. Kakhale apo. Mpata wako uli kumapeto, pa zina ndi zina."

Msonkhano udayamba. Bwana adati iwo sakonda kuganiza okha, mutu umodzi susenza denga, aliyense alankhule momasuka. Kenako adati maganizo awo ndi akuti ngalande idzere m'chigwa.

"Ine usiku wonse ndimaganiza zomwezo," adatero a Nyani.

"Ine ndidazilota sabata yatha," adatero a Nkhanga.

"Ine ndingoonjezapo kuti ndi zoona," adatero a Nguluwe.

Adakambirana nthawi yaitali za amene adzakhale kutsogolo pa tsiku lotsekulira, ndi za mtundu wa nthenga zimene a Nkhanga adzavale. Dzuwa lili paliwombo ndi pomwe adafika pa zina ndi zina.

Likongwe adaimirira ndi miyendo iwiri, nakuwa ndi mphamvu zake zonse. "Bwana! M'chigwa muli nyumba makumi atatu! Muli ana anga anayi osapenya! Madzi akalowa afa!"

Kuchokera kumwamba bwana ankangoona kamchira kakugwedezeka. "Akuti chiyani kakang'onoko?"

"Akuthokoza, bwana," adatero a Nyani.

"Sindikuthokoza ine! A Nyani, kodi manyazi adakutherani kumatako kokha kapena ndi kumaso komwe? Auzeni bwana aweramitse khosi kamodzi kokha, amve okha!"

"Bwana sawerama," adatero a Nkhanga. "Akawerama amachita chizungulire."

Likongwe adalumpha kuti akwere mwendo wa bwana, koma a Nguluwe adamuponda mchira.

"Kwera," adanong'ona a Nguluwe. "Kwera uone. Lero lomwe ndikakufukulira tiana takoto, ndikatiyale pathanthwe. Wodumpha khwerero amachoka ndi banja lake."

Likongwe adatsika yekha. Bwana adatseka msonkhano, nathokoza kuti onse agwirizana, ngakhale woimira antchito.

Masana amenewo nyimbo ija idabwereranso, koma idasintha mayendedwe. Funso lidali lomwelo, koma Likongwe ankalitaya mwachangu ngati akulavula, ndipo makasu ankagunda mwamphamvu mpaka fumbi kukwera. Kusisima kuja kudasanduka kubuula. A Nguluwe adanyadira kuti anthu awo akugwira ntchito mokondwa.

Pafupi ndi Likongwe pankakumba msuweni wake, Mfuko, wa maso ofooka uja amene nthaka yonse ya pa esitetiyo ankaidziwa ngati m'kamwa mwake.

"Msuweni," adatero Mfuko, "ndamva kuti wakathokoza bwino ku msonkhano."

"Khala chete iwe, wakhungu."

"Wakhungu ndine, koma nyumba yanga ndimaiona. Nanga uchita chiyani? Mawa kutacha, mkucha madzi."

Likongwe adagunda khasu kangapo. Kenako adati, "Maesiteti asanu ndi awiri, ine ndimayesa kuti vuto ndi kuchepa kwa mawu anga. Ndimangokuwa. Lero ndaona. Mawu owawa amafera pa khwerero loyamba. Otsekemera amakwera okha, osawakankha. Ndipo wamkulu sadya nzeru yophika wina, mpaka aiyese yake."

"Ndiye?"

"Pampata paja ngalande ikulowera m'chigwa, pakati pa miyala iwiri, pansi pake mpotani?"

"Dothi lofewa. Pali muzu wa mkuyu wopingasa, wandivuta dzulo."

"Usaudule. Itana abale ako onse. Mufukule kunsi kwake, pamwamba mungosiya kachikhungwa kopyapyala ngati phale."

Mfuko adaseka mpaka mano ake awiri aja kuonekera. "Msuweni, amene adakubereka adalakwira dziko."

Likongwe adapukuta fumbi kumaso, napita kwa kapitao atapinda mchira.

"A Kapitao, ndabwera kudzapepesa. Dzulo ndi lero ndalankhula ngati mwana."

"Wayamba kukula."

"Okumba akuti ngalande yotere si yotsekula wamba. Akuti bwenzi mwini nzeruyo ataima pampata paja, madzi oyamba asambitse ziboda zawo, ife tikuimba. Koma ndi maganizo a anthu apansi, mwina ndi opusa."

"Ndi opusadi," adatero a Nguluwe. "Bwerera ku ntchito."

Likongwe asadafike n'komwe pa khasu lake, a Nguluwe adali ali liwiro. Kwa a Nkhanga adati ndi nzeru imene yawabwerera iwo eni. A Nkhanga kwa a Nyani adati akhala akuisunga m'buku kuyambira kale. A Nyani ali mumtengo adati, "Bwana, monga mudanenera tsiku lina lija..."

"Ndidanena?"

"Mudanena, bwana. Kuti mudzaima pampata."

"Ee, ndakumbukira. Ndinkaganizadi zimenezo."

Chigamulo chidatsika munthu asadathe kutafuna mfundo imodzi ya nzimbe.

Tsiku lidafika. Kumtunda, pomwe ngalande idayambira pamtsinje, padagona Mvuu. Ntchito yake idali imeneyo: kugona chopingasa pakamwa pa ngalande ngati chitseko, n'kusuntha pokhapokha kapitao akanena. A Nyani, a Nkhanga ndi a Nguluwe adandanda kumeneko, pamthunzi, pomwe padali mowa wa nzimbe. Bwana okha adatsikira kumpata, okumba atakhala m'mbali.

Likongwe adayamba wasuzumira mu una.

"Amake ana, muwakweze kuchipinda chapamwamba."

"Ndawakweza kale," adayankha mkazi wake. "Inu, zimene mukuchitazi mukuzidziwa?"

"Theka."

"Theka linalo ndi ana angawa."

Bwana adagwedeza mutu kuchokera patali, chizindikiro chidayenda pa makwerero, ndipo Mvuu adasuntha pang'ono. Madzi adayamba kutsika, ochepa, akukankha zinyalala. Likongwe adayambitsa nyimbo, ulendo uno mokoma ngati ya ukwati, funso lija akulikoka ndi kulinyengerera. Makasu adagunda kawiri. Bwana adakondwa, naponya mwendo kutsogolo kuti avine.

Phale lija lidasweka.

Miyendo yakutsogolo idalowa yonse mpaka m'mapewa. Khosi lidatsika ngati mtengo wogwetsedwa, chibwano pansi phu! Tinyanga tija tidakola kunsi kwa muzu wa mkuyu. Mimba idatseka mpata wonse pakati pa miyala iwiri, thi, ngati chitsononkho pakamwa pa chipanda. Madzi atafika adapeza njira yotsekeka, nayamba kuunjikana pamphuno pa bwana.

"Tsekani madzi! Tsekani madzi!"

Okumba adangoyang'anana.

"Iwe! Iwe wa mchira iwe! Sukumva?"

"Ndikumva phokoso, bwana," adatero Likongwe, "koma ine sindiloledwa kumva mawu anu. Mawu anu amandipeza kudzera kwa a Kapitao."

"Ndiye kawauze a Kapitaowo!"

"Mawu ochokera pansi pano amakwera makwerero. Ndikawapereka bwinobwino."

Adathamanga kumtunda, nagwada pamaso pa a Nguluwe. "A Kapitao, bwana atitimira pampata. Madzi ali m'mphuno. Akuti tsekani."

A Nguluwe adaziona kuti bwana akatitimira m'ngalande, wofunsidwa ndi amene ankayang'anira kukumba. Adatembenukira kwa a Nkhanga. "Bwana akhala pansi pang'ono. Akunena za madzi."

A Nkhanga adatembenukira kwa a Nyani. "Bwana akusamba."

A Nyani adatukula chikho. "Akusamba? Ndiye timadzi timeneti tiwakwanira, thupi lonse lija? Onjezani!"

"Onjezani!" adatero a Nkhanga.

"Mvuu, choka ponse!" adatero a Nguluwe.

Mvuu adadzuka yense, ndipo mtsinje udalowa m'ngalande ukubangula.

Apa mpamene Likongwe adazindikira kuti walakwitsa. Iye ankayesa kuti mawuwo angofera panjira monga mwa masiku onse, bwana amwe timadzi pang'ono, aphunzire. Sadaganize kuti abwerera atabereka. Adathamanga kupitirira madziwo, nafika pampata. Madzi adali atayamba kale kudzera m'mbali mwa mimba ya bwana, timifuleni tikuloza m'chigwa. Kuchokera mu una mkazi wake adakuwa kuti chipinda chapansi chadzaza.

Bwana adali atapotoza mutu, mphuno m'mwamba, khutu limodzi litakanirira pansi. Maso adali tong'o.

"Iwe," adatero mopuma movutika, "pansi pano pakulira ana. Ndi a yani?"

"Simukumva bwino, bwana. Pano ndi bwalo lopanda kanthu."

"Ndikumva ndi khutu langa!"

"Aka n'koyamba."

"Bwanji simudandiuze?"

"Ndakuuzani kawiri. Koyamba mudachotsapo tsiku. Kachiwiri mudati ndathokoza."

Madzi adawakwera pamlomo. Adalavula, natsokomola. "Pita kwa Mvuu. Usadzere kwa wina aliyense. Pita!"

"Ndidumphe makwerero?"

"Dumpha!"

"Nenaninso, okumba onsewa amve."

"Ndati dumpha, mwana wa mfiti iwe!"

Likongwe adazungulira kumbuyo kwa bwana, naluma nsonga ya mchira, nadula litchowa lonse kuti likhale umboni. Bwana adakuwa, koma iye adali atapita kale.

Kumtunda adaliponya pansi pamaso pa onse. "Ili ndi la bwana. Akumira. Akuti Mvuu atseke."

Zikho zidagwa. A Nyani adayang'ana litchowa, nayang'ana a Nkhanga. "Adati bwana akusamba ndani?"

"Ine ndidangokonza mawu a Kapitao."

"Ine ndidati akhala pansi. Wonena kuti onjezani si ine."

"Kutseka madzi ndi kusintha chigamulo," adatero a Nkhanga, "ndipo chigamulo chili m'buku. Kuchisintha kumafuna msonkhano."

"Msonkhano wopanda bwana si msonkhano," adatero a Nyani. "Ine sindingasenze zimenezo. Zikadzavuta mudzati ndine."

"Tiyambe tagwirizana kuti wapampando akhala ndani," adatero a Nguluwe.

Likongwe adawasiya akukangana, nalumphira pamphuno pa Mvuu.

"Achimwene, tsekani."

"Ine ndimamvera kapitao," adatero Mvuu.

"Mwagona pamadzi pano zaka zingati?"

"Khumi ndi ziwiri."

"Ndiye inuyo, osati a Kapitao, osati buku, inuyo: ngalande imeneyi mukuiona bwanji?"

Mvuu adaphethira. Adayang'ana kumbuyo kuti mwina akufunsa wina. "Ine?"

"Inu."

"Njolakwika," adatero pang'onopang'ono. "Madzi a mtsinje uno safuna chigwa. Amafuna khwawa lakale lija la kumadzulo, lofika kumunda mosavuta. Chaka chilichonse amandikankhira komweko, nthiti zanga izi zikudziwa. Kungogumula gombe ili, apita okha."

"Nanga osanena bwanji?"

"Sadandifunse."

"Ndakufunsani ine. Ana anga ali m'madzi."

Mvuu adapuma kamodzi mwamphamvu. Kenako adatembenuka, nagona pakamwa pa ngalande, thi, ndipo ndi matako adagumula gombe la kumadzulo. Mtsinje udakhota ngati ng'ombe yodziwa khola lake.

"Wakulamula ndani?" adakuwa a Nguluwe.

"Nthiti," adatero Mvuu.

Likongwe sadadikire. Adatsika ngati mphepo, nadutsa pamsana pa bwana osapepesa, nalowa mu una. Adapeza mkazi wake ataima m'madzi ofika m'khosi, ana awiri ali pamsana, mmodzi pamutu, wachinayi m'kamwa. Adawawerenga, nawerenganso. Onse anayi ankalira, ndipo kulira kumeneko kudamukomera kuposa nyimbo iliyonse imene adaimbapo.

Kunja okumba adafukula bwana. Zidatenga masana onse, ndipo palibe amene adafulumira. Mfuko ndiye adatafuna muzu uja, akuima kawirikawiri kufunsa ngati chilolezo chotafunira chatsika.

M'mawa mwake kudali msonkhano. Bwana adali ataimanso, khosi lili m'mwamba, mchira uli nyomi ngati wa mbuzi. Likongwe adamvera ali m'maudzu. A Nkhanga adawerenga zimene msonkhano wagwirizana: kuti Bwana Nyamalikiti, mwa nzeru zawo, adayesa ngalande ndi thupi lawo lomwe, naona kuti madzi adzere kumadzulo, kuti a Nyani, a Nkhanga ndi a Nguluwe ayamikiridwe chifukwa chodekha pa nthawi yovuta, kuti Mvuu achenjezedwe, ndi kuti Likongwe, podumpha makwerero ndi poluma katundu wa esiteti, achotsedwe ntchito.

Likongwe adadikira kuti mwina bwana anenapo kanthu. Bwana adayang'ana pansi kamodzi, mwachangu, ngati munthu woyang'ana chilonda chake. Kenako adatafuna masamba.

A Nguluwe adabwera nacho chigamulocho pakhomo pa una, okumba onse akuonerera.

"Likongwe! Tuluka ndi banja lako. Lero lomwe."

"Ntchito yanuyo tengani," adayankha Likongwe ali m'kati, "ndi khasu lomwe lili apolo. Koma ine muno ndituluka ana anga akatsekula maso. Ndidapempha masiku khumi, ndipo ndiwatenga."

"Ndi lamulo la bwana!"

"Bwana yemweyo adati dumpha. Anthu makumi atatu adamva. Munalemba zimenezo?"

"Ndikufukula!"

"Bwerani. Khomo ndi lotsekula."

A Nguluwe adalowetsa mphuno. Adaitulutsa akukuwa, magazi ali chuchuchu. Adayang'ana okumba kuti awathandize, koma okumba adali atayamba nyimbo ija okha, popanda woyambitsa, chapansipansi, ndipo makasu ankagunda kawiri pafupi kwambiri ndi ziboda za kapitao.

Nkhani idakwera makwerero. Padaitanidwa msonkhano woti ugamule amene alowe mu una. A Nyani adati dzanja lawo ndi la ntchito za kumwamba. A Nkhanga adati suti yawo siyilola. A Nguluwe adaonetsa mphuno. Adati afunse bwana, koma bwana atangomva dzina la Likongwe adati nkhani zapansi azithetse apansi. Ndiye adasankha kagulu koti kaunike nkhaniyo, ndipo m'kagulumo mudali a Nyani, a Nkhanga ndi a Nguluwe. Kagulu kadakumana tsiku loyamba, kadagwirizana zokumananso. Tsiku lachiwiri kadakangana za mpando. Tsiku lachitatu a Nkhanga adaiwala buku.

Mu una ana ankayamwa. Mfuko ankabweretsa chakudya kudzera njira zake zapansi, akudandaula kuti msuweni wosagwira ntchito amadya ngati anthu atatu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mwana woyamba adatsekula diso limodzi. Tsiku lakhumi onse anayi ankapenya, akulumana michira. Likongwe adati, "Amake ana, mangani katundu."

"Tidzere njira ya Mfuko, yapansi?"

"Iyayi. Tidzera pamtunda, dzuwa lili pamutu."

Adatuluka. Likongwe patsogolo, ana anayi pakati, mayi pambuyo, okumba atatukula makasu m'mwamba mbali zonse kuti kabawi asayerekeze. Sadalambalale. Adadzera patsinde penipeni pa mbawa, pakati pa msonkhano, mpaka kamwana kena kadaponda buku la a Nkhanga n'kusiyapo mapazi a matope.

A Nguluwe adadzuka. "Uyo! Akuthawa!"

"Sindikuthawa, a Kapitao. Taonani mayendedwe angawa."

"Tikhale pansi," adatero a Nyani. "Sitinagamule ngati akuloledwa kuchoka tisanamutulutse."

Kamwana kotsiriza kadaima, kakuyang'ana akuluakulu atatu aja ndi maso ake atsopano. Kenako kadakweza mutu kutsata miyendo inayi yaitali yopita kumwamba, mpaka kadagwa chagada.

"Atate, amenewa akutani?"

"Akuganiza," adatero Likongwe, akukadzutsa ndi mphuno. "Tiye, mwanawe. Usawasokoneze."

Apa mpomwe ine ndaitula nthanoyi. Wofuna kuisenza aisenze.